Mwana watenga laisensi, makiyi timupatse? Mafunso anu, mayankho athu

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa makolo amene ana awo angoyamba kugwira chiwongolero, ndipo ena alembedwa ndi anawo eni ake. Oyankha ndi aphunzitsi a zoyendetsa galimoto pamodzi ndi amakaniko amene amathandiza tsamba lino. Makalata ena tawafupikitsa.

Mnyamata wanga wakwanitsa zaka 18 ndipo laisensi watenga mwezi watha. Akufuna ndimubwereke galimoto pa Khirisimasi apite ku Senga Bay ndi anzake anayi, anyamuke madzulo. Mayi ake akukana, koma ine ndikuti boma lamuyesa kale. Wolondola ndani?
*Bambo wa ku Area 25, Lilongwe*

Bambo, apa mayi akunyumba aona patali. Mayeso a laisensi amaona ngati munthu akudziwa zikwangwani, ngati anganyamuke pachitunda galimoto osabwerera m'mbuyo, ngati angailowetse chambuyo pamalo opanikizika. Sayesa zimene mwana angachite mbuzi itadumphira mumsewu iye ali pa 90, anzake akuseka kumbuyo, kutsogolo kukubwera minibasi ya nyali imodzi. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amagwirizana pa mfundo iyi: miyezi yoyamba imene dalaivala watsopano akuyenda yekha ndiyo yoopsa kuposa nthawi ina iliyonse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanenanso kuti padziko lonse ngozi zapamsewu ndizo zimapha kwambiri anthu a zaka 5 mpaka 29.

Ulendo mwafotokozawu waunjika zoopsa zonse tsiku limodzi: mdima, mvula ya Disembala, msewu wa makilomita oposa 100 wokhala ndi mitsetse ndi makhona amene iye sakuwadziwa, madalaivala ena amene alawako, ndiponso anzake. Anzakewo musawapeputse. Mbali ya ubongo imene imayeza ngozi ndi kuletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma imamaliza kukhwima cha m'ma 25, ndipo mnyamata wofatsa yemweyo amaponda moto mosiyana akadziwa kuti anzake akumuona. Palinso kulemera. Anthu anayi ndi zikwama zawo ndi makilogalamu pafupifupi 300, ndipo kagalimoto ngati Vitz kakalemedwa chotere kamachedwa kuima komanso kamayepa pakhona mosiyana ndi mmene iye anakazolowerera.

Maiko ena anaika zimenezi m'malamulo. New Zealand inayamba mu 1987 kupereka laisensi m'magawomagawo, ndipo ku New South Wales, m'dziko la Australia, wophunzira wachinyamata amayenera kulemba maola 120 oyendetsa ali ndi munthu wamkulu pambali, 20 mwa maolawo akhale a usiku. Inu musadikire lamulo, mwini makiyi ndinu. Gulani kope, muzilembamo tsiku, maola, msewu umene mwayenda, nyengo ndi chimene chinavuta. Yambani ndi misewu ya m'dera mwanu masana, kenako m'tauni nthawi imene magalimoto achepa, kenako marawundabauti ndi Old Town nthawi yoweruka. Zikakhazikika, tulukani pa M1 masana, ndipo usiku ndi mvula zibwere pomaliza, inu muli pampando wakumanzere. Musadumphe gawo chifukwa choti mwana watopa nalo. Mupite pa gawo lotsatira pamene wayenda maulendo atatu kapena anayi inu osayankhulapo kanthu.

Akayamba kuyenda yekha, mugwirizane izi mutakhala pansi: miyezi itatu yoyamba asanyamule mnzake aliyense, miyezi itatu yotsatira anyamule mmodzi, galimoto izikhala itafika pakhomo 7 koloko madzulo isanakwane, galimoto isanyamuke aliyense asanamange lamba, kumbuyo komwe. Za ku Salimazo, pitani naye Loweruka lina m'mawa, ayendetse yekha kupita ndi kubwera. Anzakewo chaka chino akwere basi.

Ndili ndi zaka 19. Bambo anga akakhala pambali panga amakuwa, nthawi zina amagwira chiwongolero, ndiye ndimanjenjemera mpaka galimoto kuzima. Ndiwauze bwanji?
*Mtsikana wa ku Chirimba, Blantyre*

Chemwali, asonyezeni tsamba lino, chifukwa yankholi ndi lawo. Bambo, wophunzira akakalipiridwa maso ake amachoka patali n'kubwera pa boneti ndi pamapazi, ndiye kuti mwamuchititsa khungu pa nthawi imene mukufuna aone. Malangizo muziwapereka padakali mamita 200, ndipo muzitchula malo kaye, chochita pambuyo: "Pa chikwangwani chofiira chija, tikhotera kumanzere." Mawu oti "samala!" sauza phazi chochita. Nenani "buleki", "chepetsa", "ima". Cholakwa chikachitika, dikirani apeze poimika, akoke handibuleki, mukambirane injini itazima. Phunziro limodzi lisapitirire mphindi 45.

Njira yothandiza kwambiri ndi yoti wophunzira azinena mokweza zonse zimene akuona: "kutsogolo kuli minibasi yaima, munthu akhoza kutulukira kuseri kwake, ndikuchotsa phazi pamoto, pagalasi pali njinga yamoto." Mukamamva zimenezi mtima umakhala pansi, chifukwa mukudziwa kuti chimene mwaona nayenso wachiona. Akasiya kutchula chinthu choonekeratu, mwapeza pamene payenera kuphunzitsidwa.

Dziwaninso galimoto yanu. Zambiri zochokera ku Japan zili ndi buleki yoimikira yoponda ndi phazi, kumbali ya dalaivala, moti wokhala kumanzere sangaifikire. Galimoto yotere, maphunziro oyambirira achitikire pabwalo lopanda anthu mpaka phazi la mwana litazolowera kupeza buleki osayang'ana pansi.

Mwana wanga amatsika ku Ku Chawe pa galimoto ya otomatiki. Chakumunsi kunayamba kununkha ngati chinthu chikupsa, buleki inafewa, anaima movutikira. Ku galaja akuti mabuleki ali bwino. Chinachitika n'chiyani?
*Mayi wa ku Zomba*

Mayi, thokozani kuti anaima. Mabuleki amagwira ntchito posandutsa liwiro kukhala kutentha. Munthu akatsika phiri lonse phazi lili pabuleki, giya ili pa D, kutenthako kumachuluka kuposa mmene mphepo ingakuchotsere. Zimachitika ziwiri. Mapadi, tizidutswa timene timafinya chitsulo chozungulira ndi tayala, akatentha kwambiri amasiya kuluma chitsulo, ndipo fungo lija ndi lawo. Kenako mafuta a mabuleki amatha kuwira, m'mapaipi n'kukhala nthunzi. Nthunzi imapanikizika, ndiye phazi limangolowa pansi ngati waponda siponji. Zikazizira zimabwerera mwakale, n'chifukwa chake amakaniko sanapeze vuto.

Lamulo la mtsetse ndi lakale: giya imene ungakwerere phiri ndi yomweyo yotsikira. Pa otomatiki, asanayambe kutsika achotse pa D aike pa 2, ndipo pakatsetsereka kwambiri aike pa L. Galimoto zina malo amenewa zinalembedwa S kapena B. Injini idzalira mokweza, asaope, ikugwira galimoto. Buleki aziiponda mwamphamvu masekondi atatu kapena anayi kuti liwiro litsike, n'kuisiya ipume, osati kuikhudza pang'onopang'ono njira yonse. Asayerekeze kuika pa N, pamene galimoto imangoyenda yopanda giya, kuti apulumutse mafuta, ndipo asazimitse injini, chifukwa ikazima buleki imauma pakangopondedwa kawiri kapena katatu ndipo chiwongolero chimalemera. Akamva fungo aime pamalo otetezeka kwa theka la ola, ndipo asathire madzi pa zitsulo zotenthazo, zimapindika.

Uzani amakaniko asinthe mafuta a mabuleki onse, osangowonjezera. Mafutawa amayamwa chinyezi, ndipo akamwa madzi amawira msanga. Opanga magalimoto ambiri amati asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse. Mtundu wake, DOT 3 kapena DOT 4, unalembedwa pachivindikiro cha kabotolo kake. Phunziro lomweli ndi la ku Chiweta, la msewu wotsikira ku Chikwawa ndi wa ku Golomoti. Mupite naye kamodzi mukaone ngati dzanja lake likupita pa giya asanauzidwe.

Mnyamata wanga amati pakati pa 60 ndi 80 palibe kusiyana, bola mabuleki ali bwino. Amayankhanso mauthenga a WhatsApp ali pachiwongolero, akuti ndi kamphindi chabe. Ndimuyankhe chiyani?
*Bambo wa ku Ntcheu*

Muyankheni ndi masamu, Bambo, ndipo mupite naye pabwalo la mpira akaone ndi maso. Pa makilomita 60 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi. Kuchokera pamene diso laona mwana akuwoloka mpaka phazi kufika pabuleki pamapita sekondi imodzi ndi theka, ndiye kuti mamita 25 apita kale. Pa phula louma, matayala ali abwino, mabuleki amafuna mamita enanso 20. Zonse pamodzi ndi 45. Pa 80 ndi mamita pafupifupi 68, ndipo pa 100 ndi pafupifupi 97, kutsala pang'ono kukwana bwalo lonse la mpira. Chimene achinyamata sachiganizira ndi ichi: pamalo pamene wa 60 uja waima, wa 80 amakhala akadali pa liwiro loposa 60. Woyamba wangoopseza mwana, wachiwiri wamugunda ngati sanapondeko buleki n'komwe. Msewu ukanyowa mitunda yonseyi imatalika.

Usiku vuto limakula. Nyali zapansi zimaunika mamita 50 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo munthu wovala zakuda, njinga yakapalasa yopanda nyali kapena ngolo zimaoneka mochedwa kuposa pamenepo. Woyenda pa 80 ndi nyali zapansi akuthamangira mumdima umene sangaimemo. Galimoto yochokera kutsogolo ikamuthobwa m'maso, achepetse liwiro, ayang'ane m'mphepete mwa msewu kumanzere, osabwezera ndi nyali zazikulu.

Foni ija: masekondi atatu owerenga uthenga pa 60 ndi mamita 50 oyenda maso ali pamiyendo. Taganizirani mamita 50 amenewo pa Lizulu kapena pa Kampepuza tsiku la msika. Foni iikidwe mwakachetechete n'kutsekeredwa m'kabokosi ka kutsogolo galimoto isanalizidwe. Inunso musamamuimbire mukudziwa kuti ali pamsewu, chifukwa foni ya bambo ndi imene mwana amaopa kusaiyankha.

Muphunzitseni zina ziwiri. Kutalikirana ndi galimoto ya kutsogolo: ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, awerenge masekondi atatu iye asanafikepo, ndipo kukamagwa mvula awerenge asanu kapena asanu ndi limodzi. Kupitirira thiraki: kudutsa thiraki yaitali imene ikuyenda pa 60 iwe uli pa 80 kumatenga masekondi oposa 10 ndi mamita oposa 250, ndipo galimoto yochokera kutsogolo imadya mtunda wofanana nawo. Ngati sakuona msewu wopanda kanthu wokwana theka la kilomita, akhale kumbuyo komweko. Dalaivala wa thiraki akamuyatsira indiketa yomuuza kuti adutse, asadalire maso a munthu wina.

Mdzukulu wanga ali ndi zaka 15 koma ndi wamtali, ndipo amayendetsa pikapu kupita kuchigayo. Kuno kulibe apolisi apamsewu. Pali vuto?
*Agogo a ku Mchinji*

Lilipo, agogo. Kutalika si zaka. Galimoto sayendetsa mwana wa zaka 15, ndipo msewu wafumbi wa kumudzi ndi msewu wa anthu onse. Tsiku limene adzagunde munthu, mlandu udzafika kwa amene anapereka makiyi, ndipo a inshuwalansi adzayamba ndi kufunsa laisensi ya woyendetsa. Msewu wafumbi ndiwonso wovuta kuposa phula: matayala sagwira bwino pamiyala yoyoyoka, ndipo pikapu yopanda katundu imataya kumbuyo ikangokhotetsedwa mothamanga. Ngati amakonda galimoto, aphunzire kuona oyilo, madzi, mpweya wa m'matayala ndi kusintha tayala. Chiwongolero chidikire 18.

Mphwanga wa zaka 19 wayamba kabaza wa njinga yamoto. Anaphunzira masiku atatu pabwalo la sukulu. Sindingamuletse chifukwa ndimo tikudyera. Ndingamuthandize bwanji?
*Mkulu wake, Mangochi*

Achimwene, masiku atatu amaphunzitsa kunyamuka ndi kusintha giya. Kuima mwadzidzidzi sikuphunzitsidwa pamenepo, pomwe ndi kumene kumapulumutsa moyo. Ambiri ophunzira mwachangu amaopa buleki yakutsogolo, amati imagwetsa, ndiye amangoponda yakumbuyo. Zoona zake n'zakuti mphamvu yaikulu yoimitsa njinga, pafupifupi magawo 7 mwa 10, ili kutsogolo. Imagwetsa ikakokedwa mwankhanza kapena njinga itapendekera pakhona. Aziifinya pang'onopang'ono ngati akufinya ndimu, kuwonjezera mphamvu kulemera kukamapita kutsogolo, yakumbuyo ikuthandizira. Ayeserere pamalo opanda anthu pa 20, kenako 30, kenako 40, mpaka azitha kuima pamzere umene mwajambula. Pamchenga, umene kwanuko ndi wambiri, achepetse liwiro asanalowemo, osagwira buleki yakutsogolo ali kale mkati.

Ndalama zoyamba zipite ku helimeti ziwiri zenizeni, yake ndi ya wokwera. Chipewa cha amisiri omanga nyumba si helimeti, mulibe chofewa chokhuthala chija chimene chimamwa mphamvu ya kugunda. Yabwino ndi yophimba ndi chibwano chomwe, yogwira mutu mosagwedera, ndipo lamba wake amangidwe mpaka pangotsala polowa zala ziwiri. Helimeti yosamanga imauluka mutu usanafike pansi. Imene yagundapo kamodzi mwamphamvu itayidwe ngakhale ikuoneka yabwino kunja.

Wokwera akhale mmodzi. Anthu atatu ndi thumba la chimanga amapeputsa tayala lakutsogolo, njinga n'kuleka kumvera. Nyali iziyaka ndi masana omwe, avale chovala chonyezimira ndi nsapato zotseka, osati patapata. Asalowe kumanzere kwa thiraki kapena basi pamphambano: dalaivala samuona, ndipo matayala akumbuyo amadula khona. M'mawa uliwonse aone mabuleki onse awiri, mpweya, nyali ndi tcheni, chimene chiyenera kusewera masentimita awiri kapena atatu chikakankhidwa pakati. Ndipo mumuperekeze akatenge laisensi ya njinga yamoto, alembetse njingayo, aidulire inshuwalansi. Popanda zimenezi ngozi imodzi imadya njinga ndi munda womwe.

Ndikufuna kugulira mwana galimoto yotsika mtengo yoti aziphunzirirapo, ngakhale yakutha, poti aigunditsa ndithu. Ndiyang'ane chiyani?
*Mayi wa ku Mzuzu*

Mayi, ganizo limeneli litembenuzeni. Amene ali pangozi yaikulu m'nyumba ndiye ayenera galimoto yoteteza kwambiri. Injini ikhale yaing'ono, ya malita 1.0 mpaka 1.5, koma malamba onse azigwira: kokani lamba aliyense mwadzidzidzi, ayenera kuluma pompo. Mukatembenuza kiyi, nyali ya ABS (chipangizo choletsa matayala kukanirira ukaponda buleki mwamphamvu) ndi ya ma airbag (matumba a mpweya amene amafufuma pangozi) ziyenera kuyaka n'kuzima pakapita masekondi ochepa. Ikakhala yosazima pali vuto, ndipo ikakhala yosayaka n'komwe, mwina wina anachotsa babu kuti abise vutolo. Mwanayo adziwe kuti ABS ikagwira, buleki imanjenjemera kuphazi. Ambiri amadzidzimuka n'kuchotsa phazi, pomwe ayenera kupondereza ndi kuwongolera kumene akufuna kupita. Ayeseko kamodzi pamsewu wafumbi wopanda anthu pa 30.

Matayala ndiwo amanyalanyazidwa kwambiri, makamaka a kaunjika. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi a tsiku lopangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka 6 liyang'anidwe bwino ngati lili ndi ming'alu, ndipo la zaka 10 lichotsedwe ngakhale mizere yake ikuoneka. M'ngalande za tayala muli timabampu ting'onoting'ono. Tikafanana ndi pamwamba, patsala mamilimita 1.6 ndipo tayala latha. Lotere silichotsa madzi, limayandama pamvula. Chotupa m'mbali, chimene chimabwera ukagunda dzenje, ndi chizindikiro choti ulusi wamkati waduka, ndipo palibe mankhwala ake. Mpweya woyenera unalembedwa pa kapepala ka pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndipo uyezedwe m'mawa matayala asanatenthe. Ngati ndalama zikukwana matayala awiri okha atsopano, aikeni kumbuyo, chifukwa galimoto yotaya kumbuyo pakhona ndi yovuta kuibweza ngakhale kwa dalaivala wakale.

Tili ku Britain, ndipo mwana wanga wamkazi akwanitsa zaka 17 mwezi wa mawa. Ine ndikadali ndi laisensi ya ku Malawi. Ndingamuphunzitse ndekha?
*Bambo wa ku Leeds*

Ndi laisensi ya ku Malawi ayi, Bambo. Ku Britain wokhala pambali pa wophunzira ayenera kukhala wa zaka zoposa 21 ndipo akhale atasunga kwa zaka zitatu laisensi yonse ya ku UK kapena ya maiko a ku Ulaya amene lamulo limawavomereza. Mwanayo atenge laisensi yophunzirira, akhale pa inshuwalansi ya galimotoyo, ndipo zikwangwani za L zosonyeza wophunzira zikhale kutsogolo ndi kumbuyo. Pa motorway, msewu waukulu wothamangirapo, wophunzira amaloledwa pokhapokha ali ndi mphunzitsi wovomerezeka, m'galimoto yokhala ndi mabuleki mbali zonse ziwiri. Woyang'anira saloledwa kugwira foni, chimodzimodzi woyendetsa.

Akakhoza mayeso, zaka ziwiri zoyamba n'zofunika kusamala: akapeza mapointi 6 a chilango chophwanya malamulo apamsewu, laisensi imalandidwa ndipo amayambiranso mayeso onse, pomwe kugwidwa ndi foni m'manja kamodzi kokha ndi mapointi 6 ndi chindapusa cha mapaundi 200. Inshuwalansi ya wachinyamata ndi yodula, koma musalembetse dzina lanu ngati woyendetsa wamkulu pamene galimoto ndi ya mwana. Kumeneko amakuwerengera chinyengo ndipo akhoza kukana kulipira ngozi ikachitika. Funsani za inshuwalansi ya kabokosi kamene kamajambula liwiro ndi nthawi zoyendera.

Ndamuuza mwana wanga kuti ndikadzamva fungo la mowa ndidzamulanda makiyi. Nanga atamwa ndithu ali kutali ndi galimoto, sadzaopa kundiimbira?
*Mayi wa ku Kasungu*

Adzaopa, Mayi, ndipo adzayendetsa kuti afike msanga musanadzuke. Lamulo loti asalawe ngakhale botolo limodzi lisasinthe, chifukwa kwa dalaivala wosazolowera mowa wochepa womwe umachedwetsa phazi. Khofi, kusamba madzi ozizira kapena kudya nsima sizichotsa mowa m'magazi; chiwindi chimauchotsa pang'onopang'ono, moti womwa mpaka pakati pausiku akhoza kukhala nawobe m'mawa. Koma onjezerani pangano lachiwiri, ndipo mulinene lero: akamwa, akatopa mpaka maso kulemera, kapena woyendetsa galimoto imene wakwera akaledzera, aimbe nthawi ina iliyonse, mudzamutenga kapena mudzatuma munthu, ndipo usiku umenewo simudzafunsa kanthu. Nkhani idzakambidwa mawa masana. Muikireni m'foni nambala ziwiri, yanu ndi ya malume kapena azakhali amene sazimitsa foni usiku, ndipo m'galimoto muzikhala ndalama ya takisi yosungidwira zimenezi zokha.